Mlendo wa ku Chilangizo cha Monalisa

Eneles Chisale anamva zoti Solvej wabweranso ali mu matatu, minibasi ya mu Nairobi, pa Ngong Road, pa jamu ija ya madzulo imene munthu amagula nthochi pawindo, n'kusenda, n'kudya galimoto isanasunthe n'komwe. Foni inalira m'chikwama. Anali Mayi Immaculata.

"Mwana wanga, mzungu wako uja ali m'tauni muno," anatero mwansangala. "Wandiimbira yekha. Akuti buku lake latuluka m'Chingerezi, ndiye Loweruka akawerenga pa chisangalalo cha mabuku. Watisungira mipando ya kutsogolo, ine, abambo ako ndi mlongo wako Spencer. Akuti pali chimene akufuna kundithokozera. Ine ndinamuchitira chiyani kodi? Kapena ndi thobwa lija?"

"Mwina ndi thobwalo, amayi," anayankha Eneles.

Siteji yake ya ku Kilimani anaipitirira osazindikira. Anatsikira kutsogolo, n'kubwerera wapansi.

Mayi Immaculata Namalomba sanali mayi ake omubereka. Makolo a Eneles anatha kalekale ku Zomba, ndipo abale otsala ankamukumbukira Khirisimasi ikayandikira basi. Pamene mwamuna wake Davide anakomoka pa ntchito n'kukamwalirira ku chipatala mu Nairobi momwemo, Eneles anasowa mtengo wogwira. Amene anatulukira anali Mayi Immaculata, mkazi wa a Reinford Namalomba, bwana wina wa ku maofesi a mabungwe ku Gigiri. Anamutengera kwawo ku Runda, anamusambitsa ngati khanda, anakwera naye ndege yoperekeza thupi kumudzi, n'kubwera naye. Kuchokera pamenepo Eneles anasanduka mwana wa pakhomo, wotumidwa mchere, wokalipiridwa akawonda. M'mzinda wonse wa anthu ochuluka chonchija analibe wina womutchula kuti mwana wanga. Akanati ataye Mayi Immaculata ndiye kuti umasiye kachiwiri, ndipo pa msinkhu wakewo palibe amene amatola wamasiye.

Koma mzungu uja amene ankanenedwa, Solvej Brandholt, anali mlembi wa mabuku wa ku Denmark, wotchuka kwawoko. Ankalemba nkhani zopeka za nthawi yamakedzana, nkhani zamdima zokhazokha: eni minda ndi akazi a antchito awo, ansembe ndi atsikana owasesera, anthu amphamvu akamakhumba chinthu ndi anthu wamba akamasanduka chinthucho. Zaka ziwiri m'mbuyomo anadzakhala miyezi ingapo mu Nairobi, n'kuchita lendi pa mdadada womwewo wa Eneles. Anali mayi wamtali, wa imvi zodula, woyenda ndi nsapato zonga za mlimi, wofunsa mafunso mosapita m'mbali. Eneles, amene ali mtsikana ankalota zodzalemba mabuku, anachita naye kaso. Tinene zoona, ankanyadira kuonedwa akumwa tiyi ndi munthu amene dzina lake limalembedwa pachikuto.

Ndiye kunachitika chilangizo cha Monalisa, mtsikana wa ku yunivesite amene ankakwatiwa ali kutali ndi azakhali ake. Amayi a ku Malawi okhala mu Nairobi anati mwana sangalowe m'banja ngati nkhuku, timulangiza ife. Anasonkhana ku Runda tsiku lina masana, amuna onse atathamangitsidwa, makatani atatsekedwa. Solvej atamva za mwambowo anapempha kuti akaone nawo, ndipo Eneles, m'malo mokana, anamumanga chitenje m'chiuno n'kupita naye.

"Kodi mlendoyu akumva?" anafunsa Mayi Immaculata pakhomo.

"Samva olo liwu limodzi, amayi."

"Basi alowe. Akhale kumbuyo, aziwomba m'manja."

Eneles sananame. Solvej sankamva Chichewa. Chimene amayiwo anaiwala, ndipo Eneles mwiniwake anaiwala, n'chakuti ntchito ya Eneles inali yomasulira. Ku misonkhano ya ku Gigiri ankakhala kuseri kwa phewa la nduna kapena kazembe, n'kumamunong'oneza zonse zimene zikunenedwa. Anaphunzitsidwa kuti womasulira sasankha, sadumpha mawu, saima kuti aganize. Mawu amalowera kukhutu n'kutulukira pakamwa, mwiniwake n'kumaganiza za ndiwo za madzulo. Poyamba anangofuna kumufotokozera mlendo nyimbo imodzi. Nyimbo itatha, pakamwa sipanatseke. Anamasulira nthabwala, anamasulira za mikanda, za madzi osamba, za apongozi, mutu atauweramitsira paphewa la Solvej, mpango utaphimba milomo.

Chakumapeto, phokoso litazizira, Mayi Immaculata anakhala pansi moyang'anana ndi Monalisa n'kumugwira manja onse awiri. Anati ali ndi nkhani imene amayi awo anawauza tsiku la chilangizo chawo, imene sanauzepo munthu, ngakhale amuna awo.

Makolo awo ankakhala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, nthawi ya thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake. Bwana wa pa esitetiyo anawaona amayi awo akuthyola tiyi, ali mtsikana wongokwatiwa kumene. Anatuma kapitawo kukanena kuti mkaziyo abwere ku nyumba yaikulu, apo ayi nyumba yawo igwetsedwa, achoke pamalopo. Analibe kopita. Lamlungu, atachoka ku tchalitchi, dzuwa lili paliwombo, bambo awo anagwira mkazi wawo padzanja n'kukwera naye chitunda. Anamusiya pakhomo. Iwo anaima pa masitepe, chipewa chili m'manja, mpaka mkaziyo anatuluka. Kenako anamugwiranso padzanja n'kutsika naye. Bambowo pambuyo pake anadzakhala katekisiti wolemekezeka, munthu amene anthu ankalumbirira dzina lake. Amayiwo anakhala nawo mpaka imfa, kuwaphikira, kuwachapira, osawanenapo kwa wina aliyense kupatula mwana wawoyo.

"Bambo anga sanali munthu woipa," anatero Mayi Immaculata, misozi ili chuchuchu. "Anali wamantha tsiku limodzi lokha. Iwe Monalisa, mwamuna wako umukonde, koma udziwe kuti mwamuna wabwino amathanso kuchita mantha. Uzikhala ukudziwa kumene ungathawire."

M'chipindamo munali zii. Kumbuyo kokha, pansipansi, kunkamveka kamphepo ka mawu a Chingerezi, ndipo palibe anakatchera khutu. Eneles anamasulira zonse, mpaka chipewa. M'katikati anazindikira ndithu kuti ayenera kusiya, koma anaona maso a Solvej atadzaza misozi, ndipo kamtima kena kachabechabe kanamuuza kuti apitirize, mzunguyu adziwe kuti nafenso tili ndi nkhani zolemera.

Pobwerera anamuuza kuti zimene wamvazo n'za m'chipinda chomwecho. Solvej anagwedeza mutu n'kunena kuti wamvetsa. Anabwerera kwawo, miyezi inadutsa, ndipo Eneles anaiyika nkhaniyo kumene anthu amaika zinthu zimene safuna kukumana nazo.

Tsopano, m'mawa mwake atalandira foni ija, anapita ku sitolo ya mabuku n'kugula bukulo. Analiwerengera pa benchi panja pa sitoloyo, osapita ku ntchito. Nkhani inali ya ku Denmark kalekale, kwa chipale chofewa ndi mahatchi, ndipo mtima wake unayamba kukhala m'malo. Munalibe tiyi, munalibe Thyolo. Koma chapakati anapeza mlimi wosauka wokhala pa munda wa mwini malo. Lamlungu, atachoka ku tchalitchi, mlimiyo anagwira mkazi wake padzanja n'kukwera naye chitunda. Anaima pa masitepe, chipewa chili m'manja. Eneles anatembenuza tsamba, ndipo kuseriko kunali choipa choposa. M'bukumo mkaziyo anadzabwereranso ku nyumba yaikulu yekha, wopanda womutuma, mobwerezabwereza, thupi lake likufuna munthu yemwe uja amene anamuwononga. Zinalembedwa mwaluso loopsa. Eneles anatseka bukulo.

Lachisanu anakamupeza Solvej ku hotela. Mayiyo anamukumbatira mwachikondi chenicheni, n'kumufunsa za thanzi, za ntchito, za Monalisa. Ankalankhula Chingerezi.

"Ndawerenga," anatero Eneles. "Munandilonjeza kuti za m'chipinda chija simudzazitulutsa."

"Sindinazitulutse. Ndasintha dziko, ndasintha nthawi, ndasintha mayina. Amene sanali m'chipindamo sangadziwe."

"Ndiye Mayi Immaculata mwawaitaniranji?"

"Kuti ndiwathokoze. Popanda iwo bukuli silikanakhala ndi mtima. Ndinalimbana nalo zaka zambiri, Eneles, linali lakufa, mpaka tsiku limene munandinong'oneza za bambo woima pa masitepe. Kwathu, kutenga nkhani ya munthu osamuthokoza ndi kuba."

"Kwathu kuthokoza kumeneko ndi kumuvula munthu pagulu. Amuna awo sadziwa. Mwana wawo Spencer anamutcha dzina la agogo akewo. Mwamva? Dzina limene mnyamatayo amayankhira ndi la munthu wa chipewa uja."

Solvej anavula magalasi. Sanali munthu wouma mtima, ndipo chimenecho n'chimene chinkapweteka kwambiri. Akanakhala woipa, Eneles akanangomutukwana n'kupepukidwa.

"Chimene chimateteza anthu ngati bwana uja ndi kukhala chete," anatero Solvej pang'onopang'ono. "Mayi uja anakhala chete moyo wake wonse, ndipo amene anapindula ndi amuna awiri aja. Ine ndimalemba kuti chete ameneyu athe."

"Chete ameneyu si wanu. Nanga bwanji munalemba kuti anabwererako yekha? Amayi sananene zimenezo. Ine sindinamasulire zimenezo."

"Ameneyo ndi mkazi wa m'buku langa, si amayi awo. Munthu akalandidwa zonse, nthawi zina amakafuna mphamvu kumene inamupondera. Ndi zoona zimene anthu amaopa kuzinena."

"Mawa musawerenge mutu umenewo, chonde."

"Okonza mwambo apempha womwewo, ndipo walengezedwa kale." Anamugwira dzanja. "Koma ndikulonjezani ichi: dzina lawo sindilitchula. Olo kamodzi."

Eneles anatuluka ndi lonjezo limenelo ngati munthu amene wapita kukapempha bulangete n'kupatsidwa kampango ka m'manja.

Panatsala njira imodzi, ndipo ankaidziwa bwinobwino. Anayenera kupita ku Runda tsiku lomwelo, kugwada, kunena zonse, kuti Mayi Immaculata apeze chifukwa chokhalira pakhomo. Anaimba foni. Mayi anayankha ali kwa telala wawo ku Kibera, makina akulira kumbuyo.

"Ukanaona diresi yake, iwe! Ndamuuza fundi kuti manja akhale otukuka, azungu adziwe kuti kwabwera munthu."

"Amayi, kodi n'kofunika kuti mupiteko? Zinthu za mabukuzi zimatopetsa. Komanso jamu ya Loweruka mukuidziwa."

"Aaa, wayamba nsanje? Ukufuna mzunguyo akhale wako wekha?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Abambo ako asiya gofu chifukwa cha zimenezi. Uli bwino koma? Mawu akowo sakundisangalatsa. Wadya?"

"Ndadya, amayi."

Mawu anafika pamilomo n'kubwerera. Munthu amene ankatha kunena chilichonse chimene wina wanena, m'zilankhulo zitatu, analephera kunena chiganizo chimodzi chake. Anadzinamiza kuti mwina Mayi sadzazindikira, poti nkhani ili ku dziko la chipale. Anadzinamizanso kuti akazindikira adzangoti zangofanana. Anali mantha basi, ndipo iye ankadziwa kuti ndi mantha.

Loweruka masana, pa kapinga wa malo ena a zachikhalidwe, anamanga tenti yoyera. Anthu anadzaza: aphunzitsi a ku yunivesite, azungu a ku maofesi a akazembe, achinyamata a tsitsi lopota onyamula zikwama zansalu. Pa mzere wa kutsogolo panali Mayi Immaculata, diresi yachitenje ya manja otukuka, duku lalikulu ngati la mkwatibwi. Kumanja kwawo kunali a Reinford atavala jekete, kumanzere Spencer, mnyamata wamkulu ndithu wogwira ntchito ku banki, akusewera ndi foni. Mayi anatembenuka n'kumukodola Eneles kuti adzakhale pafupi. Iye analoza khamulo ngati kuti njira yatsekeka, n'kukhala kumbuyo pafupi ndi mzati.

Solvej anawerenga bwino, ndi mawu otsika, osathamanga. Kuchokera kumene anakhala, Eneles ankangoona misana. Mlimi atatuluka m'tchalitchi, duku lija linkagwedezeka pang'ono, ngati la munthu amene akusangalala ndi ulaliki. Atagwira mkazi wake padzanja, linaleka. Pa masitepe, chipewa chitatchulidwa, mapewa a Mayi Immaculata anakwera n'kuuma. Solvej sanaime pamenepo. Anapitirira mpaka pamene mkaziyo anadzuka yekha, n'kudzola mafuta, n'kukweranso chitunda mtima ukumugunda ndi chilakolako. Mu tentimo anthu anapuma mokoka mpweya, monga amachitira anthu ophunzira akamva chinthu chonyansa chonenedwa bwino.

Nthawi ya mafunso, mtsikana wina anaimirira n'kufunsa kuti chithunzi cha bambo wa chipewa chija anachitenga kuti, poti chikumveka ngati chinachitikadi.

Eneles anatseka maso. Solvej anasunga lonjezo lake, dzina sanalitchule.

"Chinachitikadi," anatero. "Osati kwathu. Ndinachimva muno mu Nairobi, pa mwambo wa amayi okhaokha, kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi, wolimba mtima kuposa ine. Ankanena za bambo ake ndi mayi ake enieni. Ali nafe pano lero, ndipo ndikufuna adziwe kuti bukuli ndi lakenso."

Anaika dzanja pamtima n'kuweramira mzere wa kutsogolo. Mu tenti monse munali mayi mmodzi yekha wovala duku. Anthu anawomba m'manja, ena mpaka kuimirira, mafoni m'mwamba. A Reinford nawonso anayamba kuwomba, akumwetulira monyadira kuti mkazi wawo wathandiza mlembi. Anawomba kangapo, kenako manja anatsala m'malere, mawu aja atafika kumene ankapita. Spencer anaika foni m'thumba n'kutembenukira amayi ake.

Mayi Immaculata analeredwa bwino. Anthu akakuwombera m'manja umaimirira, ndiye anaimirira. Anapinda maondo pang'ono mwaulemu, manja atawagwirizanitsa kutsogolo. Kenako anatola chikwama chawo n'kuyenda pakati pa mipando, anthu akuwamwetulira, mayi wina wachizungu akuwasisita pamkono. Anadutsa pafupi ndi mzati uja, pafupi moti Eneles anamva fungo la nsalu yatsopano. Sanamuyang'ane.

Solvej anamupeza Eneles pambuyo pake, nkhope itagwa. "Ndalakwitsa?" anafunsa. "Dzina sindinatchule." Eneles analibenso mphamvu zomasulirira munthu chilichonse.

Lamlungu ku tchalitchi kumene Amalawi ambiri amapemphera, banja la a Namalomba silinabwere. Amayi amene anali ku chilangizo chija anali atamva kale, poti kakanema ka mwambowo kanali katazungulira m'mafoni. Palibe anamukalipira Eneles. Anamupatsa moni wa mwaswera bwanji, n'kusuntha zikwama zawo kuti adutse. Anapempha awiri mwa iwo kuti amuperekeze ku Runda akapepese, monga zimakhalira, pakhale munthu wapakati womulankhulira. Wina anati ali ndi alendo. Winayo anamuuza mosabisa kuti nayenso ananena zake m'chipinda chija, ndipo kuyambira dzulo akudikira kumva kuti zili m'buku liti.

Anapita yekha Lolemba masana. Askari, mlonda wa pageti, amene ankamudziwa bwino, anaimba kaye foni m'nyumba asanamutsegulire. Wantchito anamulowetsa pabalaza n'kumuikira madzi m'tambula ya alendo. Galimoto ya a Reinford panalibe. Patapita nthawi Mayi Immaculata anatuluka, atavala chitenje chakale, kumutu kulibe kanthu, imvi zili poyera. Anaoneka ochepa thupi. Eneles anatsika pampando n'kugwada pa kapeti.

"Khala pampando," anatero Mayi. "Maondo anga sangathe kukutsatira pansipo."

Iye anakhalabe chogwada.

"Ndikufunse chimodzi. Pamene ndinkalankhula ndi Monalisa, ndikulira, iwe unkamasulira?"

"Inde, amayi."

"Zonse?"

"Zonse."

"Unawonjezera?"

"Ayi, amayi. Ndikulumbira. Zobwererako zija wapeka yekha."

Mayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinadziwa. Iwe ntchito yako umaitha."

Kunja wina ankatchetcha kapinga. Mayi anadikira mpaka makina otchetcherawo atapita kuseri kwa nyumba.

"Abambo ako sanandifunse kanthu. Akungondipatsa ulemu ngati ndadwala. Zaka zonsezi akhala akuuza ana kuti apongozi awo anali munthu wa Mulungu, muzitengera iwo. Tsopano sadziwa poyang'ana. Koma Spencer anagula bukulo. Wawerenga lonse. Dzulo anabwera, anaima pamene wagwada iwepo, n'kundifunsa kuti, amayi, kodi agogo aakazi anabwererakodi okha?" Mawu awo anathothoka, n'kuwatolanso. "Mwana wanga wondibereka ndekha, kundifunsa ngati amayi anga ankazifuna. Ndinati ayi. Ndinati amayi anga sanakwerenso chitunda chija ngakhale pokatola nkhuni, ankazungulira. Anandimvera, n'kunena kuti chabwino. Koma ndinamuona m'maso. Mzungu uja ananena pagulu kuti zinachitikadi, ndipo zalembedwa, zili ndi chikuto. Ine ndili ndi pakamwa pokha, ndiponso ndine munthu amene ndamubisira moyo wake wonse. Akhulupirira uti?"

"Ndikamuuza Solvej alembe kuti mbali imeneyo ndi yopeka. Anena pagulu. Ndikalankhula ndi Spencer ine."

"Kuti nkhani ya amayi anga inenedwenso kachiwiri, anthu aziisankhula ngati mpunga, ichi n'choona, ichi n'chabodza? Iyayi. Asiyeni agone." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Amayi anga anavulidwa kamodzi ali moyo, bambo anga ataima panja. Loweruka avulidwanso ali m'manda, ine nditakhala kutsogolo, nditavala diresi yatsopano. Ndinaimirira n'kuthokoza."

Eneles analira mokweza, kulira kosakongola, kwa mamina. Ananena kuti amukalipire, amumenye, amuuze chilichonse choti achite ndipo achita. Ananena kuti alibe wina. Zimenezo Mayi ankazidziwa kale kuposa munthu aliyense.

"Sindinakukwiyire, Eneles. Ndayesa usiku wonse, zakanika. Ndikanakwiya zikanakhala bwino, poti mkwiyo umatha, ukanabwera mwezi wamawa tikanaseka. Ndikudziwa sunafune kundipweteka. Koma taona chimene chikuchitika. M'mawa uno ndinadzuka ndi chinthu pamtima, za abambo akowa, choti ndiuze munthu. Kale ndikanakuimbira. Ndinagwira foni, pakamwa panatsekeka pokha. Panopa ndakuona, patsekekanso. Si dala ayi." Anatambasula manja pamiyendo n'kuwayang'ana. "Ndiye mayi amene sangalankhule mwana wake ali pomwepo ndi mayi wanji?"

Eneles anakhala pansipo akudikira, poganiza kuti mwina pabwera mawu ena, ngakhale oti ubwere pakapita nthawi. Kamodzi Mayi Immaculata anakoka mpweya n'kutsegula pakamwa, ndipo mtima wa Eneles unadumpha. Mayi anamuyang'ana, mwachisoni, mopanda udani, n'kutsekanso.

Kenako anaitana wantchito n'kumuuza m'Chiswahili kuti awaitanire mlendowa takisi.